Katupa ka a Wailesi

"Bambo, mwatsegula?" anafunsa Pensulo pa foni. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka phokoso la anthu otsatsa malonda.

"Ndatsegula kalekale, mayi. Ukuyesa ndimagwira ntchito ngati anyamata ako omanga nyumba aja, onyamula njerwa imodzi anthu awiri?"

A Wailesi anali atagwada pansi pa tebulo la mwana wawoyo, foni ataipanira paphewa, tochi ili m'manja. Chivundikiro cha kompyuta anali atachitsamiritsa kukhoma. Dzina lakuti Wailesi linawamatirira kalekale, nthawi imene anali ndi shopu yokonzera mawailesi ndipo anthu ankaima pamzere pakhomo pawo. La Pensulo anapereka ndi iwo omwe, chifukwa mtsikanayo anakula ndi pensulo kukhutu. Tsopano anali mayi wodzidalira, wojambula mapulani a nyumba pa kompyuta.

"Mverani bwino," anatero Pensulo. "Pa bolodi lalikululo, pafupi ndi fani, pali nambala ya soketi, yolembedwa ndi tizilembo toyera. Soketi ndi pamene pamakhala pulosesa, ubongo wa kompyuta. Ine ndiwerenga nambala ya pulosesa ili m'manja mwangamu, inu muone ngati zikufanana. Wogulitsa akuti ikangolowa m'makina sibwerera."

"Ukuphunzitsa galu wamkota kukanda?"

"Safunsa anadya phula, bambo. Munandiphunzitsa ndinu."

Pensulo anawerenga nambalayo pang'onopang'ono, n'kubwerezanso. A Wailesi anawalitsa tochi pa bolodi. Anaona zobiriwira, anaona mthunzi wa fani, ndipo pamene panayenera kukhala zilembo anaona kamzere kotuwa, konga mkaka wodonthera m'madzi. Anasendera pafupi mpaka mphuno inakhudza waya. Anatsinzina diso lakumanja. Anatsinzina lakumanzere. Kamzereko sikanasinthe.

Chifungachi chinawayamba chaka chatha. Poyamba ankati ndi magalasi, kenaka ankati ndi fumbi. Sanauze munthu. Kuyambira pamene mayi ake a Pensulo anatisiya, shopu n'kutsekedwa, a Wailesi ankakhala kwa mwana wawoyu, ndipo benchi lawo la zipangizo linapeza malo m'chipinda chomwecho chimene iye ankagwiriramo ntchito. Pensulo ankajambula uku, iwo ankakonza timatochi ndi timaketulo ta aneba uko, akucheza tsiku lonse. Fani ya kompyuta ikalira, ankaikonza ndi iwo. Waya akaduka, ankalumikiza ndi iwo. Kwa alendo Pensulo ankati, "Awa ndi injiniya wa kampani yathu." Mawu amenewo ndiwo ankawadzutsa m'mawa. Nanga injiniya wosaona angakhale m'chipindamo kuti azitani?

"Bambo? Mulipo?"

"Ndi yomweyo," anatero a Wailesi.

"Mwaonetsetsa?"

"Ndati ndi yomweyo, mayi. Gula."

Pensulo anafika dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, n'kuika kabokosi pa benchi la bambo ake. Sanakhale n'komwe pansi. Sabata imeneyo anali ndi ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anapezapo chichokereni ku ofesi kumene ankalembedwa: kontirakitala wina anamupatsa kuti ajambule nyumba yosanja, ndipo ankafuna mapulani ndi zithunzi zake Lachisanu. Kompyuta yakaleyo inkati ikafika pa zithunzizo n'kuima ngati bulu wokana katundu. N'chifukwa chake anafuna pulosesa yamphamvu.

"Ndikupita kukayeza malo aja. Kapena tipite nayo kwa a Fyuzi mawa akaike?"

"Fyuzi? Amene ndinamuphunzitsa kugwira sikuludiraiva? Ndife akufa ife?"

Pensulo anaseka, n'kuwagwira paphewa. "Pepani, a injiniya. Ndikapeze ikuthamanga."

Chitseko chitatsekeka, a Wailesi anasamba m'manja monga ankachitira nthawi zonse asanayambe ntchito. Anakweza kompyuta pa benchi, pafupi ndi zenera. Manja awo sanakalambe. Anamasula fani osayang'ana, anapeza kachitsulo kopanira pulosesa, anakakankhira pambali, chitseko chake chaching'ono n'kutseguka. Anatulutsa pulosesa yakale, kanthu kaphanthiphanthi kosakwana chikhatho cha khanda, n'kuiika pa kansalu. Pansi pake, mu soketi, munali timapini tosawerengeka, tosalala ngati ubweya wa mphaka. Anadziwa kuti timeneto sitikhudzidwa.

Anatenga yatsopano ija, n'kuigoneka pamalopo mwaulemu.

Sinakhale. Inkagwedera ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi.

Anaitembenuza, n'kuyesanso. Inagwederanso. Anaichotsa, n'kuyendetsa chikhadabo m'mphepete mwake. Anapeza timipata tiwiri, kena mbali iyi kena mbali inayo. Anatenga yakale ija n'kuchitanso chimodzimodzi. Timipata tinalipo, koma osati pamalo ofanana. Kenaka anapapasa m'mphepete mwa soketi, n'kupeza timano tiwiri ta pulasitiki, toyenera kulowa m'timipata timeneto. Timanoto tinkagwirizana ndi pulosesa yakale. Yatsopanoyo inkakhala pamwamba pa ito.

A Wailesi anakhala pampando. Nambala ija sinali yomweyo.

Foni inali pomwepo pa benchi. Anaitenga, n'kuibwezera. Anadziwa mmene nkhaniyo ikanayendera. Pensulo sakanakalipa. Akanangofunsa mofatsa kuti, "Nanga munaona chiyani, bambo?" Ndipo funso limenelo linali ndi abale ake ambiri kumbuyo kwake.

Anatsegula kabati ka benchi. Dzanja linapita lokha pa katupa kawo kopalira zitsulo, kopyapyala ngati ndodo ya machesi, kachigwiriro kothimbirira ndi thukuta la zaka zambiri. Pa shopu paja panalibe zoti chipangizo chakana. Zipangizo zenizeni zinkasowa, ndiye munthu unkatenga chotsegulira cha wailesi iyi n'kuchipala mpaka chilowe pa wailesi ina. Unkachepetsa apa, kukuza bowo apo, wailesi n'kuyamba kuimba mwini wake n'kuvina. Anyamata onse amene anadutsa m'manja mwawo ankaloweza lamulo lawo: chimene chikukana kulowa sichinakumane ndi tupa.

"Kukula n'kofanana," anadziuza okha. "Chatsekereza ndi pulasitiki basi. Azungu amaika timano timeneti kuti tizigula zatsopano."

Anaphimba timapini ndi kapepala kuti fumbi lisagweremo. Kenaka anayamba kupala, pang'onopang'ono, akumvera ndi nsonga ya chala. Dzino loyamba linatha. Lachiwiri linatha. Anauzira, n'kupapasa. Panali posalala ngati panalibe kanthu chiyambire. Mtima wawo unakoma monga kale.

Pulosesa inagona bwinobwino. Anatseka kachitseko kaja. Kachitsulo kopanira kanalimba kuposa poyamba, koma anakanikiza ndi chala chachikulu mpaka kanakola. Anapaka timafuta totuwa toziziritsa, anabwezera fani, analumikiza mawaya, n'kudina batani.

Fani inazungulira pang'ono, n'kuima.

Anadinanso. Inagwedezeka ngati mwendo wa nkhuku yozingidwa. Kenaka kunamveka kafungo. Kanali kochepa kwambiri, koti munthu wina sakanakamva, koma a Wailesi ankakadziwa kafungo kameneko kuposa fungo la nyumba yawo. Anazula waya kukhoma.

Anachotsa yatsopanoyo, n'kubwezera yakale. Anadina batani. Zii. Ngakhale fani sinayankhe.

Pensulo anawapeza atakhala pampando, kompyuta atatseka bwinobwino, katupa kali m'thumba la malaya.

"Bwanji kuli chete? Yathamanga mpaka yatopa?"

"Akugulitsa yakufa," anatero a Wailesi, akuyang'ana pazenera. "Ndaika, osayaka. Ndabwezera yakale, osayakanso. Yapha ndi bolodi lomwe."

Pensulo anaponya chikwama pansi. Anadina batani kangapo ngati kuti chala chake chinali ndi mankhwala. Kenaka anayamba kuzungulira m'chipindamo. "Mbava imene ija! Anandilumbirira kuti anaiyesa. Mawa ndikamuonetsa kuti mkazi si chidole. Koma ndiyambe ndapita kwa a Fyuzi, akandiuze chimene chapsa, kuti ndikapite ndi umboni."

"Palibe chimene Fyuzi angaone choposa chimene ndaona ine."

"Ndikudziwa, bambo. Koma mbava ija ikanena kuti mukuikira kumbuyo mwana wanu."

A Wailesi sanadye madzulo amenewo. Anati m'mimba simunali bwino.

M'mawa ananyamula okha kompyutayo, akukana kuti Pensulo awathandize. Shopu ya Fyuzi inali kachipinda kopapatiza, kodzaza ndi masikirini akufa osanjikizana mpaka kudenga. Mwini wake anali bambo wadazi, wamimba yake, wa ana akuluakulu, koma atawaona anaimirira msanga n'kupukuta mpando ndi dzanja la malaya. Dzina lakuti Fyuzi analipeza ali wophunzira kwa a Wailesi, chifukwa sabata yake yoyamba anapsereza mafyuzi onse a mu shopu.

"Aphunzitsi! Lero kugwa mvula. Mwabwera kudzaona ngati ndasiya kuotcha zinthu?"

"Ndabwera kudzaona ngati tsitsi linabwerera. Ndikuona linapsa limodzi ndi mafyuzi anga."

"Linathothoka ndi makofi anu aja, aphunzitsi," anatero Fyuzi akuseka. "Achemwali, mwatani nayo kompyutayi?"

Pensulo anafotokoza zonse, mawu akuthamangitsana, n'kuika pulosesa yatsopano ija pa tebulo. Fyuzi ankagwedeza mutu uku akumasula. Anachotsa fani, anatulutsa pulosesa yakale ija, n'kukokera pafupi galasi lake lalikulu lokuza zinthu, lokhala ndi nyale. Anawerama.

Kuseka kunachoka pankhope pake. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzutsa mutu n'kuyang'ana a Wailesi, ndipo a Wailesi, ngakhale nkhopeyo ankaiona mwa chifunga, anamva kuyang'anako pakhungu pawo.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Pensulo.

"Aa, zimachitika izi, achemwali. Magetsi a masiku ano sadziwika bwino. Mwina anabwera mwamphamvu."

"Dzulo magetsi sanavute. Firiji ili bwino, wailesi ya kanema ili bwino. Pulosesa yatsopanoyi ndi yakufa kapena ayi?"

Fyuzi anaitenga, anaitembenuza, n'kukanda dazi lake. "Tsopano ndi yakufa. Koma si ya bolodi ili. Kukula n'kofanana, inde, koma soketi yake ndi ina. Pini imene pa iyi imanyamula uthenga, pa inayo imanyamula moto. Mukaphatikiza, moto umalowa pakhomo pa eni ake. Musanagule mumayenera kuona nambala iyi apa."

"Tinaona. Bambo anawerenga."

Fyuzi anaibwezera pulosesayo pa tebulo.

"Ndiponso," anapitiriza Pensulo, mawu akutsika, "wogulitsa uja anandiuza kuti ya soketi ina siingalowe n'komwe. Anati pali timano totchinga."

"Pamakhala timano, inde."

"Ndiye yalowa bwanji?"

Fyuzi anayamba kusonkhanitsa timasikuluwu pa tebulo ngati kuti ndiyo inali ntchito yofunika kwambiri m'mawa umenewo. Pensulo anamukankha pang'ono n'kuwerama yekha pa galasi. Anali munthu wodya za mizere. Diso lake silinkaphonya pamene padutsa chida. Anaona malo awiri oyera m'mphepete mwa soketi yakuda, osalala, opalidwa mofanana ndendende. Pakona panali timapini topsa, togonera mbali imodzi.

"Ntchito yake ndi yaukhondo," anatero Fyuzi chapansipansi, ngati akupepesa. "M'tauni muno palibenso dzanja lina lingapale chonchi."

Pensulo anaweramuka. Sanakalipe. A Wailesi akanakonda akanakalipa.

"Bambo," anatero, akuloza khoma lakutsogolo, pamene panali wotchi yaikulu ngati mbale, "nthawi ili bwanji?"

A Wailesi anayang'ana. Anaona chinthu chozungulira, choyera, chopanda mivi.

"Uli ndi foni m'manja, ukufunsiranji ine?"

"Nthawi ili bwanji, bambo?"

Manja a a Wailesi, amene sankanjenjemera pa waya wamoto, anagwirana pamiyendo.

"Ndi ng'ala, aphunzitsi?" anafunsa Fyuzi mofatsa.

"Ndi fumbi."

"Fumbi la chaka chonse?" anatero Pensulo. "N'chifukwa chake munasiya kuwerenga nyuzipepala, mumvekere mulibe nkhani? N'chifukwa chake munathira mchere mu tiyi tsiku lija, ife n'kumaseka? Ine ndinakufunsani kawiri, bambo. Kawiri. Mukanangoti, mayi, sindikuona, ndikanabwerera kudzaona ndekha. Ngakhale dzulo lomwe, itakana kulowa, mukanaisiya. Ndikanataya pulosesa yokha, kompyuta n'kumakwawa monga kale. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma inu mwafa nane limodzi."

"Achemwali, ndi bambo anu awa."

"Ndikudziwa kuti ndi bambo anga, a Fyuzi. Akanakhala wina bwenzi pano ndikutukwana." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Bolodi lina lilipo?"

Fyuzi anapukusa mutu. Bolodi la mtundu umenewo linali lakale. Anayenera kuitanitsa, ndipo likanafika sabata yamawa ngati zinthu zayenda bwino. Mapulani onse anali bwinobwino pa disiki, koma makompyuta amene anali nawo mu shopumo anali ongolembera makalata, osakhoza kunyamula zithunzi za nyumba yosanja. Anaimbira anzake angapo. Wina analibe, wina sanayankhe, wina anali nayo koma inali ndi ntchito ya eni.

Pensulo anatuluka panja kukaimbira kontirakitala. Makutu a a Wailesi anali akuthwabe, ndipo chitseko chinali chotsegula.

"Ndi masiku ochepa chabe, bwana... Ayi, ntchito yatsala pang'ono... Ndamva. Ndamva, bwana. Ayi, palibe chifukwa chopepesera. Ntchitoyo apatseni enawo."

Atabwerera mkati ananyamula chikwama chake. "Itanitsani bolodilo, a Fyuzi. Likabwera muike nokha, konkuno."

Panjira yobwerera kunyumba anawagwira bambo ake pachigongono powoloka msewu. Sanachitepo zimenezo. A Wailesi anafuna kuchotsa mkonowo, koma galimoto imene anaimva ikudutsa pafupi sanaione bwino, ndiye anausiya.

Masiku otsatira m'nyumbamo munalowa ulemu woopsa. "Mwadzuka bwanji, bambo?" "Ndadzuka, kaya iwe?" Basi. Pensulo anapita nawo kuchipatala cha maso, kumene anawauza kuti ndi ng'aladi, ndipo anawalemba pa mzere wautali wa odikira opaleshoni. Pensulo anabwerera kumayenda m'maofesi kufunafuna tintchito tojambula mipanda ndi zimbudzi, ta mtundu umene ankati anatsazikana nato. Tsiku lina a Wailesi anapeza benchi lawo litasamutsidwira kuchipinda chawo chogona.

"Kumeneko kuli kuwala kwambiri," anatero Pensulo, osawayang'ana.

"Inde, kuli kuwala," anavomera iwo.

Kompyuta inabwera kuchokera kwa Fyuzi ili ndi bolodi lina ndi pulosesa yogwirizana nalo. A Wailesi anaimva ikulira kuseri kwa khoma, kalilidwe kabwino, kosalala. Palibe anawaitana kuti adzamvere.

Loweruka m'mawa Pensulo anaika kathumba pa tebulo lodyera. Kanalira chitsulo. A Wailesi anatambasula dzanja n'kupapasa. Munali loko, makiyi awiri, ndi tizitsulo tokolowekapo loko pachitseko.

"N'za chipinda chogwirira ntchito," anatero Pensulo. "Akuba achuluka masiku ano. Kalipentala abwera masana."

Mazenera a nyumbayo anali ndi zitsulo, ndipo chitseko chakunja chinali ndi maloko ake. Chiyambire, m'nyumba ya banja lawo simunakhalepo chitseko cham'kati chokiyidwa.

"Kalipentala wa chiyani, ine ndilipo?" anatero a Wailesi.

"Bambo..."

"Iyi siifuna maso, mayi."

Pensulo anakankhira kathumbako kwa iwo.

A Wailesi anasamba m'manja. Anatenga sikuludiraiva ndi choboolera. Anayeza msinkhu ndi chikhatho, anapeza pakati pa thabwa ndi chala, anaboola, n'kumanga sikuluwu iliyonse mpaka mutu wake unagona mofanana ndi chitsulo. Katupa kanali m'thumba la malaya, koma sikanafunike. Atatseka chitseko, tizitsulo tija tinakumana tokha, kena kulowa mwa kanzake popanda kukakamiza.

Kudzera pampata wa chitseko anamva fungo la chipindamo: mapepala, inki, ndi kafungo ka mtovu wawo wowotcherera kamene kanali kasanatheretu. Anakoloweka loko, n'kuidina. Inalira kuti khethe.

Anapereka makiyi onse awiri. Pensulo anawalandira ndi manja awiri, monga mwana wolangizidwa bwino. Anapatula kiyi imodzi n'kuigwira payokha, akuitembenuzatembenuza. A Wailesi anadikira.

Kenaka anamva zipi ya chikwama ikutseguka, makiyi awiri akugwera mkati, zipi n'kutsekeka.

"Mwaika bwino, bambo," anatero Pensulo.

"Ndi ntchito yanga," anayankha a Wailesi. Anatolera zipangizo zawo, n'kuyenda chogwira khoma kupita kuchipinda kumene kunali kuwala kwambiri.